Kodi jinja amakweza chitetezo? Mbiri ya funso la ku Nsambe

Ku Nsambe, m'mapiri a kumtunda kwa boma la Neno, mwezi wa Juni kumazizira kwambiri. Pa tsiku la kiliniki ya matenda amgonagona anthu amafika m'mamawa atafunda zitenje ziwiriziwiri, ambiri atayenda wapansi mtunda wautali. Ndinali kumeneko ndikufunsa odwala mafunso a kafukufuku wina pamene agogo ena aakazi, amene amamwa ma ARV pamodzi ndi mankhwala a kuthamanga kwa magazi, anamasula mfundo ya kunsonga kwa chitenje chawo n'kundionetsa kachidutswa ka jinja.

"Mwanangu, inu ndinu ophunzira," anatero. "Akuti ameneyu amakweza chitetezo. Mawondo anga akundichitirako chifundo chiyambireni kumumwa. Nanga mapiritsi aja nditawapumirako pang'ono, palakwika?"

Ndinawayankha kuti mapiritsi asadumphitse ngakhale tsiku limodzi, ndipo ndinawaperekeza kwa adokotala. Koma mbali yoyamba ya funso lawo sindinaiyankhe mokwanira. Kodi jinja amachitadi chiyani m'thupi? Yankho lake lili ndi mbiri yaitali, ndipo mbiriyo ikuonetsa kuti mawu oti "kukweza chitetezo" sakugwirizana ndi zimene ofufuza apeza.

Ulendo wa jinja

Jinja si mbewu ya kwathu kuno. Anachokera kum'mwera chakum'mawa kwa Asia, ndipo anthu anayamba kumulima kalekale moti masiku ano sapezeka womera yekha m'tchire. Alimi samudzala ndi njere koma ndi zidutswa za tsinde lake la pansi pa nthaka, limene ambiri timalitcha muzu. Choncho paliponse pamene pali jinja, pali munthu amene anamunyamula m'manja n'kufika naye.

Madokotala akale a ku India ndi ku China ankamugwiritsa ntchito pa matenda a m'mimba, chifuwa ndi kuphwanya kwa thupi. M'zaka 100 zoyambirira Yesu atabadwa, dokotala wa Chigiriki Dioscorides analemba kuti jinja amatenthetsa thupi ndipo amathandiza kugaya chakudya. Buku la Korani limamutchula ndi dzina loti zanjabil. Malonda a pa nyanja ya Indian Ocean anamufikitsa ku gombe la kum'mawa kwa Africa, kumene Aswahili amamutcha tangawizi. Dzina limene timagwiritsa ntchito ife, loti jinja, tinabwereka ku Chingerezi. M'chaka cha 1807 William Roscoe wa ku Liverpool anam'patsa dzina la sayansi limene lilipobe mpaka lero, Zingiber officinale. Mawu achiwiriwo amatanthauza chomera chogulitsidwa m'nyumba za mankhwala.

Pa zaka zonsezi anthu ankadziwa kuti jinja amathandiza, koma ankafotokoza ndi mawu a kutentha ndi kuzizira. Za chitetezo cha m'thupi panalibe amene ankazinena, chifukwa maselo amene amateteza thupi anali asanadziwike.

Chimene chimapatsa jinja ukali

Munthu woyamba kupatula chinthu chimene chimapatsa jinja ukali wake anali John Clough Thresh wa ku England. M'chaka cha 1876 anali atapatula kale chimene chimawawitsa tsabola n'kuchitcha capsaicin. M'chaka cha 1879 anatulutsa mu jinja madzi okhala ngati mafuta, owawa pa lilime, ndipo anawatcha gingerol. Thresh yemweyu pambuyo pake anadzakhala mkulu wa zaumoyo wa anthu m'chigawo cha Essex, n'kumalemba za ukhondo wa madzi akumwa.

M'chaka cha 1917 Hiroshi Nomura wa ku Japan anapeza chinthu china chotchedwa zingerone, kenaka n'kufotokozanso china chimene anachitcha shogaol, kuchokera ku shoga, dzina la jinja m'Chijapani. M'chaka cha 1969 Connell ndi Sutherland a ku Australia anaonetsa mmene zitatuzi zimakhalira pachibale. Mu jinja wamuwisi mumachuluka gingerol, makamaka mtundu wotchedwa 6-gingerol. Jinja akaumitsidwa kapena kutenthedwa, gingerol wina amataya madzi n'kusanduka shogaol, amene ndi waukali kuposa kholo lakelo. Akaphikidwa nthawi yaitali, wina amasweka n'kukhala zingerone, amene ukali wake ndi wochepa.

Mfundo imeneyi ndi yofunika kwa aliyense wowerenga kafukufuku wa jinja. Jinja wamuwisi wosinja mu tiyi, ufa wa jinja wogula m'sitolo, ndi makapisozi a ku fakitale si chinthu chimodzi. Zakumwa za m'botolo zolembedwa dzina la jinja nazo n'zina: chochuluka mmenemo ndi shuga.

Kutupa ndi njira ya aspirin

Chimene pa Chingerezi amati inflammation ndi mmene thupi limayankhira likavulala kapena likalowedwa ndi tizilombo. Celsus wa ku Roma, amene anakhalako m'nthawi ya Dioscorides, anatchula zizindikiro zake zinayi: kufiira, kutupa, kutentha ndi kupweteka. Munkhani ino tizingoti kutupa. Kutupa si mdani nthawi zonse. Chithupsa chikatentha n'kutulutsa mafinya, ndiye kuti thupi likumenya nkhondo. Vuto limabwera kutupako kukapitirira osazima, monga mmene zimakhalira pa nyamakazi.

M'chaka cha 1971 John Vane wa ku London anapeza kuti aspirin amagwira ntchito poletsa thupi kupanga ma prostaglandin, timadzi timene timabweretsa ululu, kutentha thupi ndi kutupa. Amene amapanga timadziti ndi enzayimu yotchedwa COX. Vane analandira mphotho ya Nobel m'chaka cha 1982. Zimene anapezazo zinapatsa ofufuza njira yoyesera zitsamba: kuika madzi a chomera pa enzayimu imeneyi n'kuona ngati yafooka.

M'chaka chomwecho cha 1982, Fumiyuki Kiuchi ndi anzake a ku yunivesite ya Tokyo analengeza kuti gingerol ndi abale ake amachepetsa kapangidwe ka ma prostaglandin. Patapita zaka 10 anaonetsanso kuti amafooketsa enzayimu ina, 5-lipoxygenase, imene imapanga ma leukotriene, timadzi timene timaitana maselo oyera a m'magazi kuti abwere pamalo otupa. Ofufuza ena otsatira anapeza kuti m'maselo olera mu labotale, gingerol ndi shogaol amachepetsa mphamvu ya NF-kappa B, imene ili ngati swichi yoyatsa majini ambiri a kutupa.

Onani mbali imene umboni wonsewu ukuloza. Palibe pamene jinja akuoneka akuchulukitsa asilikali a m'thupi. Paliponse akuoneka akuziziritsa nkhondo imene asilikaliwo ayambitsa.

Kuchoka mu labotale kufika kwa odwala

Chimene chachitika m'mbale ya mu labotale sichikhala chimodzimodzi m'thupi la munthu. M'chaka cha 1992 Srivastava ndi Mustafa a ku yunivesite ya Odense ku Denmark anafunsa odwala 56 amene ankamwa ufa wa jinja chifukwa cha nyamakazi ndi kupweteka kwa minofu. Oposa atatu mwa anayi aliwonse a nyamakazi ananena kuti akupezako bwino. Koma panalibe gulu lina lowayerekezera nalo, ndipo onse ankadziwa chimene akumwa.

Kafukufuku wokhwima anatuluka m'chaka cha 2001. Roy Altman ndi K. C. Marcussen anatenga odwala 261 a ku America a nyamakazi ya m'mawondo n'kuwagawa mwamaere m'magulu awiri. Gulu lina linkamwa makapisozi a jinja wosakaniza ndi m'bale wake galanga, lina linkamwa makapisozi ofanana maonekedwe koma opanda mankhwala. Patatha masabata 6, anthu 63 mwa 100 aliwonse a gulu la jinja anati ululu wa poimirira wachepa. M'gulu la makapisozi opanda kanthu, onena chimodzimodzi anali 50 mwa 100 aliwonse. Kusiyana kunalipo, koma kunali kochepa, ndipo a gulu la jinja ndi amene anadandaula kwambiri za chilungulira ndi kusokonezeka kwa m'mimba.

Nambala ya 50 ija tisaipitirire. Theka la anthu amene anamwa makapisozi opanda kanthu anamva bwino. Nyamakazi imakula ndi kuchepa payokha, ndipo chiyembekezo nacho chimachepetsa ululu. N'chifukwa chake umboni wa munthu mmodzi, ngakhale wonenedwa moona mtima ngati wa agogo a ku Nsambe aja, sungatiuze kukula kwa mphamvu ya chitsamba.

M'chaka cha 2015 Else Marie Bartels ndi anzake a ku Copenhagen anaphatikiza zotsatira za akafukufuku 5 a mtundu umenewu, a odwala 593. Anapeza kuti jinja amachepetsa ululu wa nyamakazi pang'ono, komanso kuti omwa jinja ankasiyira panjira kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi anzawo.

Chimodzi mwa zifukwa zimene mphamvuyi imachepera chinaoneka m'chaka cha 2008. Suzanna Zick wa ku yunivesite ya Michigan anamwetsa anthu athanzi jinja mpaka magalamu 2 n'kuwayeza magazi. Gingerol amene anapezeka anali atasinthidwa kale ndi matumbo ndi chiwindi kuti atuluke m'thupi msanga. Mlingo umene umafika pa bondo ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi umene ofufuza amathira pa maselo mu labotale.

Pamene umboni wa jinja uli wolimba kwambiri ndi pa mseru. Ku Chiang Mai m'dziko la Thailand, kafukufuku wa m'chaka cha 2001 wa amayi oyembekezera 70 anapeza kuti galamu imodzi ya ufa wa jinja pa tsiku kwa masiku 4 inachepetsa mseru ndi kusanza kuposa makapisozi opanda kanthu. Apa Dioscorides sanaphonye: jinja ndi bwenzi la m'mimba.

Ukonde wa asilikali

Mbali yatsopano ya mbiriyi ikukhudza maselo oyera otchedwa ma neutrophil, amene ndi ochuluka kuposa maselo oyera ena onse ndipo ndi oyamba kufika pamene palowa tizilombo. M'chaka cha 2004 Volker Brinkmann ndi Arturo Zychlinsky a ku Berlin anapeza kuti maselowa amatha kulavula DNA yawo ngati ukonde wa msodzi n'kukola mabakiteriya. Ukondewu umateteza, koma ukachuluka umavulaza mitsempha ndi kuundanitsa magazi. Zimenezi zimaoneka pa matenda monga lupus, pamene chitetezo chimaukira thupi la mwini wake.

M'chaka cha 2021 Ramadan Ali, Jason Knight ndi anzawo a ku Michigan anaonetsa kuti 6-gingerol amachepetsa kuponya ukondeku mu mbewa za mu labotale zodwala matenda ofanana ndi lupus. M'chaka cha 2023, mogwirizana ndi ofufuza a ku Colorado, anapatsa anthu athanzi ochepa makapisozi okhala ndi mamiligalamu 20 a gingerol pa tsiku kwa masiku 7. Ma neutrophil awo anayamba kuponya ukonde mochepa. Awa anali anthu osadwala, ndipo chimene chinayezedwa ndi khalidwe la maselo, osati kuchira kwa matenda.

Chaka chomwecho ofufuza a ku Leibniz Institute ku Freising m'dziko la Germany anapeza mbali ina. Anathira 6-gingerol wochepa kwambiri, wofanana ndi amene amapezeka m'magazi munthu akamwa lita imodzi ya tiyi wa jinja, pa ma neutrophil a mu labotale. Maselowo anakhala tcheru, ndipo atawaputa ndi chinthu chofanana ndi bakiteriya anayankha mwamphamvu kuposa anzawo ndi pafupifupi 30 pa 100. Izi zinachitika kudzera pa TRPV1, khomo lomwelo limene limatimvetsa kuwawa kwa tsabola.

Zotsatira ziwirizi zikutiphunzitsa kuti chitetezo cha m'thupi si madzi a m'ndowa oti amangokwera kapena kutsika. Ndi gulu la maselo ndi timadzi tambirimbiri, ndipo chinthu chimodzi chingathe kudzutsa mbali ina n'kugoneka ina. Palibe mwa akafukufuku onsewa amene anaonetsa kuti jinja amachulukitsa maselo a CD4, amapha kachilombo ka HIV m'thupi la munthu, kapena amaletsa munthu kutenga matenda.

Mmene mawu oti chitetezo analowera m'kamwa mwathu

Nanga n'chifukwa chiyani mawu oti "amakweza chitetezo" amatigwira mtima chotere? Yankho lili m'mbiri ya Edzi. Wodwala woyamba m'Malawi anapezeka m'chaka cha 1985, ndipo kwa zaka pafupifupi 20 anthu ambiri analibe mankhwala. M'chaka cha 1995 Billy Goodson Chisupe wa ku Machinga ananena kuti analota mtengo wochiza Edzi, ndipo anthu pafupifupi 300,000 anapita kukamwa mchape wake. Mliri sunaime.

Boma litayamba kupereka ma ARV aulere m'chaka cha 2004, munthu ankayamba mankhwala malinga ndi kukula kwa matenda kapena chiwerengero cha CD4. Achipatala ankafotokoza kuti "chitetezo chanu chatsika", ndipo pakapita miyezi ankati "chakwera". Mawuwa anathandiza anthu kumvetsa, koma anasiya chithunzi choti chitetezo ndi nambala imodzi. Ngakhale kuyambira 2016 aliyense wopezeka ndi kachilombo amayamba mankhwala nthawi yomweyo, chithunzicho chidakalipo. Wogulitsa zitsamba akanena kuti katundu wake amakweza chitetezo, wodwala amamva kuti amagwira ntchito ya ma ARV.

Ku South Africa kusokoneza kumeneku kunafika mpaka m'boma. Nduna ya zaumoyo Manto Tshabalala-Msimang inkalimbikitsa adyo, mandimu ndi bitiruti pamene boma linkachedwa kupereka ma ARV. Ofufuza a ku Harvard anawerengera m'chaka cha 2008 kuti kuchedwako kunatayitsa miyoyo yoposa 330,000 pakati pa 2000 ndi 2005. Adyo ndi mandimu sizinaphe munthu. Chinapha anthu ndi kuika chakudya pamalo pa mankhwala.

Covid-19 inabwezanso nkhani yomweyi. Odwala oyamba m'Malawi analengezedwa pa 2 Epulo 2020. Mu Januwale 2021 matendawa anakula, nduna ziwiri, Sidik Mia ndi Lingson Belekanyama, zinamwalira tsiku limodzi pa 12 Januwale, ndipo Pulezidenti Lazarus Chakwera analengeza kuti dziko lili pa ngozi. M'makomo ambiri munali kuwira mapoto a jinja, mandimu ndi adyo, anthu akudzifukiza ndi masamba a bulugama, mauthenga a pa WhatsApp akuyenda usiku ndi usana. Ku Tanzania, mu Febuluwale 2021, nduna ya zaumoyo Dorothy Gwajima inaonetsa pagulu kapangidwe ka chakumwa cha jinja, anyezi, mandimu ndi tsabola. Kuno kwathu katemera woyamba, wokwana 360,000, anafika pa 5 Malichi 2021, koma mu Meyi boma linatentha katemera 19,610 amene anatha mphamvu asanabayidwe. Tiyi wa jinja ankafewetsa pakhosi ndi kutonthoza mtima, ndipo palibe cholakwa pamenepo. Koma sakanalowa m'malo mwa katemera kapena mpweya wa okosijeni.

Tanthauzo lake ku Neno

Boma la Neno lili ndi chifukwa chapadera chomvetsera mbiri imeneyi. Kuyambira 2007 Unduna wa Zaumoyo wakhala ukugwira ntchito kumeneko ndi bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo. M'chaka cha 2015 anaphatikiza chithandizo cha HIV ndi cha matenda monga kuthamanga kwa magazi, shuga, mphumu ndi khunyu m'kiliniki imodzi, imene imafika m'zipatala zazing'ono monga cha Nsambe. Zotsatira zake n'zakuti anthu akukalamba ali pa mankhwala, ndipo ukalamba ukubwera ndi mawondo opweteka, makamaka kwa amene akhala moyo wonse akukwera mapiri ndi katundu pamutu.

Munthu wotere akamva ululu nthawi zambiri amagula ibuprofen, diclofenac kapena indomethacin. Mankhwala amenewa akamwedwa nthawi yaitali amayambitsa zilonda za m'mimba, amakweza kuthamanga kwa magazi ndipo amalemetsa impso. Ma ARV amene ambiri akumwa kuyambira 2019 ali ndi tenofovir, amenenso amafuna impso zathanzi. Apa ndi pamene mphamvu yochepa ya jinja ingakhale ndi phindu lenileni. Ngati kapu ya tiyi wa jinja ithandiza gogo kuchepetsa mapiritsi a ululu ogula pa okala, chimenecho n'chabwino, bola adokotala adziwe.

Pali ena ofunika kusamala. Kuyambira 2018 zipatala za Neno ndi Lisungwi zili ndi makiliniki a PEN-Plus a matenda aakulu monga a mtima, ndipo ena mwa odwala mtima amamwa warfarin kuti magazi asaundane. Kafukufuku wa ku Australia wa m'chaka cha 2005 wa amuna athanzi 12 sanapeze kuti jinja amasintha mphamvu ya warfarin, komabe madokotala ena alembapo za odwala amene magazi awo anachedwa kuundana atayamba kudya jinja wambiri. Wa warfarin asayambe kumwa jinja wochuluka tsiku ndi tsiku osauza a kiliniki. Wa zilonda za m'mimba ayembekezere kuti chilungulira chingakule. Wa matenda a shuga akumbukire kuti choopsa m'kapumo ndi masupuni a shuga kapena uchi amene amathiramo. Mlingo umene akafukufuku ambiri anagwiritsa ntchito ndi galamu imodzi kapena awiri a ufa pa tsiku, ndipo galamu imodzi ndi pafupifupi theka la supuni yaing'ono ya tiyi.

Akafukufuku ambiri amene tawatchulawa anachitikira ku Japan, Denmark, America, Thailand, Germany ndi Australia. Odwala athu ndi osiyana ndi amenewo: ambiri ali pa ma ARV, amadwala malungo kawirikawiri, ndipo amamwa jinja wamuwisi wosakaniza ndi zina, osati makapisozi a mlingo wodziwika. Ntchito yoyamba kwa ife ofufuza ndi yosafuna ndalama zambiri: kudziwa kuti ndi odwala angati a m'makiliniki athu amene amamwa jinja, wochuluka bwanji, pofuna chiyani, ndiponso ngati ena amadumphitsa mapiritsi chifukwa cha iye. Kwa anamwino, madokotala ndi alangizi a zaumoyo, ntchitoyi ikuyamba ndi funso limodzi lofunsidwa mosakalipa: "Kupatula mapiritsi awa, mukumwanso chiyani kunyumba?" Yankho lake lilembedwe m'kabuku ka kuchipatala. Wodwala amene wadzudzulidwa chifukwa cha zitsamba sasiya kumwa, amangosiya kunena.

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Agogo a ku Nsambe aja anafunsa, ndipo anayenera kulandira yankho lathunthu. Ndikadzakumana nawonso ndidzawauza kuti: "Agogo, jinja wanuyo musamutaye. Akhoza kukuchepetserani ululu wa mawondo pang'ono, ndipo mseru amauthetsa. Koma kachilombo sakadziwa, ndipo kuthamanga kwa magazi sangakugwire. Tiyi muzimwa, mapiritsi muzimwanso tsiku lililonse, ndipo mukabwera ku kiliniki muziwauza adokotala zonse ziwiri."